Diso la Kumanzere

"Pondani," anatero Edmund Namakhwa ali chogwada pakatoni, mutu uli pansi pa galimoto.

"Ndaponda."

"Gwirani pomwepo, musasiye."

Mkazi wake Asimenye anali pampando wa dalaivala, phazi pabuleki, zovala za kutchalitchi asanavule. Edmund anamasula kanati ndi sipanala, ndipo mafuta akale a mabuleki anatsika m'kapaipi, oderako ngati tiyi wa dzulo, n'kudontha m'botolo. Timathovu ta mpweya tinatsatira. Anamanganso kanatiko.

"Siyani tsopano."

"Kodi ntchito imeneyi imatha? Mwendo wachita dzanzi kuno."

"Kwatsala matayala awiri basi."

Linali Lamlungu masana, mwezi wa Meyi mu 2016, m'garaja yaing'ono kuseri kwa nyumba yawo ku Harehills, mumzinda wa Leeds. Galimotoyo inali Mazda yofiira ya mipando iwiri, yakalekale, imene Edmund anagula chaka chapitacho. Loweruka la sabata imeneyo amayenera kukaiyendetsa, kwa nthawi yoyamba pamoyo wake, pabwalo lothamangitsirapo magalimoto. Sunali mpikisano ayi. Linali tsiku limene anthu wamba amalembetsa, n'kulowa ndi magalimoto awo, n'kuthamanga mmene mtima ukufunira, popanda kamera kapena wapolisi.

Atamaliza tayala lachitatu anadzuka kuti awongole msana. Pamenepo diso lake lakumanzere linayamba kuzima. Silinapweteke. Mdima unangotsika kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, monga mmene mwini sitolo amatsitsira chitseko chachitsulo akamaweruka. Anaphethira, analitikita, koma sizinathandize. Atatseka diso lakumanja, garaja yonse inasowa.

Anagwira denga la galimoto n'kuima chete. Anamva basi ikudutsa pamsewu, anamva Asimenye akuyimba chapansipansi nyimbo imene kwaya inaimba m'mawa uja. Patapita mphindi zitatu kapena zinayi, mdima uja unakwera mmene unatsikira, ndipo mashelefu, zitini za oyilo ndi kuwala kwa pakhomo zinabwerera m'malo mwake.

"A bambo a Nicole, mwagona kumeneko? Ndipondenso?"

"Sipanala yandisowa," anayankha Edmund, sipanala ili m'manja.

Anthu a kutchalitchi atamva za ulendo wa Lowerukawo anaseka, chifukwa Edmund ankadziwika ndi kuyendetsa ngati wanyamula mazira. Bambo ake anali dalaivala wa bwana wa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo zaka zonse zimene anagwira ntchitoyo sanagundepo ngakhale nkhuku. Mwana anatengera. Atabwera ku England kudzaphunzira, kenako n'kupeza ntchito ya makompyuta payunivesite, anawonjezerapo mantha ena: munthu wodikira mapepala okhalira m'dziko la eni safuna kuti dzina lake lilembedwe pena paliponse, ngakhale pakalata ya chindapusa cha liwiro. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anayenda pansi pa malire a liwiro, maso ali pakamuvi, anzake akumulizira hutala kumbuyo. Tsopano mapepala anali atatuluka, mwana wawo Nicole anali payunivesite ku Newcastle, ndipo iye anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Ankangofuna adziwe, kamodzi kokha, chimene chimachitika phazi likafika pansi penipeni.

Lolemba Edmund ataweruka, kugaraja kunabwera Ralph, mzungu wa nyumba yachitatu kuchokera pawo. Anali makaniko wa mabasi wopuma pantchito, ndipo anayamba kupita kumabwalo oterewa Edmund akadali kupulaimale. Ndiye amene anamukopa kuti alembetse.

"Chotsa zonse," anatero Ralph m'Chingerezi chake cha ku Yorkshire chomeza mawu. "Makapeti, ambulera, chilichonse chosamangika. Botolo la madzi likagubuduka n'kulowa pansi pa buleki uli pakona, sudzaliiwala."

Edmund anatulutsa zinthu n'kumaika m'katoni: buku la nyimbo la Asimenye, magalasi a dzuwa othyoka mwendo, chopalira chipale pagalasi, masiwiti amene anasungunuka kale. Ralph anazungulira galimotoyo akupima matayala ndi chikhadabo. Analimbitsa manati onse, anayang'ana oyilo ndi madzi, kenako anapereka kwa Edmund chitsulo chokhala ndi mphete kumapeto kuti achimange kutsogolo.

"Ichi ndiye chachiyani?"

"Chokukokera ukatsetsereka n'kugwera m'udzu. Aliyense amati chake sichidzagwira ntchito." Ralph anatsegula chikwama n'kutulutsa helemeti yoyera. "Vala. Gwedeza mutu. Ikuthina m'masaya? Ndiye kuti yakukwana. Udzavale malaya a manja aatali ndi nsapato zopyapyala pansi, kuti phazi lizimva. Lachisanu usamwe mowa, m'mawa udzadye pang'ono. Matayala akadzatentha tidzachotsako mpweya."

"Ndalemba zonsezo."

"Chimodzi sunalembe. Uzikayang'ana kumene ukufuna kupita, osati kumene ukuopa. Ukayang'ana khoma, ugunda khoma. Galimoto imatsata maso."

Edmund anavula helemeti ija pang'onopang'ono n'kuiyang'ana m'kati ngati muli zolemba.

"Pali vuto?" anafunsa Ralph.

"Ayi. Ikungotentha."

Masiku awiri anadutsa diso lili bwinobwino, ndipo anayamba kudziuza kuti mwina anangodzuka mofulumira, magazi n'kuchedwa kufika kumutu. Kuntchito ankapita pabasi monga mwa masiku onse. Koma Lachinayi, cha m'ma leveni koloko, ali pakompyuta muofesi, mdima uja unatsikanso. Ulendo uno unafika pakati pa diso n'kuima, theka la mizere ya pakompyuta n'kuzimirira. Sunachedwe. Utachoka, anadikira kuti mnzake wa tebulo loyandikana apite kukatenga khofi, n'kulemba zimene zinamuchitikirazo pa intaneti.

Mayankho onse ananena chimodzimodzi. Kanthu kakang'ono kamatseka kwa kanthawi mtsempha wopita kudiso, ndipo nthawi zambiri kamachokera mumtsempha waukulu wa m'khosi. Ndi chenjezo la sitiroko. Pitani kuchipatala lero. Musayendetse galimoto kwa mwezi wathunthu.

Sanafunikire n'komwe intaneti kuti adziwe. Asimenye anali nesi wa muwodi ya odwala sitiroko, ndipo kangapo konse anabwera kunyumba atatopa, n'kukhala pansi nsapato asanavule, n'kunena kuti, "Wa lero uja anachenjezedwa sabata yatha. Anati adzapita Lolemba."

Edmund anatseka tsambalo. Anawerenga masiku ndi zala pansi pa tebulo: Lachisanu, Loweruka. Awiri okha. Akangobwerako adzapita yekha, osadikira Lolemba, Lamlungu lomwelo. Pabwalopo, anadziuza, palibe ana odutsa msewu, palibe njinga, onse akupita mbali imodzi. Ndipo m'galimoto adzakhalamo yekha. Ngati pali choti chichitike, chidzachitikira mwini wake.

Lachisanu madzulo anapeza Asimenye akusita m'chipinda chochezera. Pasofa panali helemeti yachiwiri, yakuda.

"Ndabwereka kwa a Ralph," anatero mkaziyo osakweza maso. "Ndasinthana shifiti ndi mnzanga. Mawa ndikwera nawo."

"Mukwera? Ndimaganiza kuti mukangoonerera."

"Akuti wokwera naye amaloledwa, bola asaine. Mabuleki amenewo ndapopa ndi phazi langa mpaka dzanzi, ndiye ndikaime kuseri kwa mpanda ngati mlendo?" Anatembenuza malaya pathebulo lositira. "Zaka zonsezi mwandiyendetsa ngati mtembo. Ndikufuna ndikaone ngati mumatha."

Anaseka, ndipo Edmund anasekanso, chifukwa panalibe chifukwa chooneka chosasekera.

Loweruka kunacha kopanda mvula. Atafika kugaraja, Edmund anapereka makiyi kwa mkazi wake.

"Yendetsani ndinu popita. Ine ndisunge mphamvu."

"Mantha ayamba kale?"

"Mwina."

Anatuluka mu Leeds misewu isanadzaze, n'kulowera kumpoto. Nyumba za njerwa zofiira zinatha, minda yachikasu inayamba. Asimenye ankasintha magiya mosavuta, akuyankhula za Nicole ndi mayeso ake. Edmund ankayankha pamene payenera kuyankhidwa, koma nthawi ndi nthawi ankatseka diso lakumanja mwakabisira kuti aone ngati linzake likugwirabe ntchito. Linali kugwira. Ankaona mipanda, nkhosa, ngakhale manambala a magalimoto akutsogolo.

Bwalolo linali pamalo pamene kale pankatera ndege zankhondo, chigwa chachikulu cha phula ndi udzu, mphepo ikuwomba popanda choitchinga. Magalimoto anali atafika kale ambiri, ena pamathireyila, ena otsegula maboneti, eni ake atawerama ndi makapu a tiyi m'manja. Kunkanunkha petulo ndi nyama yankhumba yokazinga. Ralph anawakodola kuti aime pambali pa galimoto yake.

Bambo wina wovala jekete ya lalanje anabwera ndi kachipangizo koyezera phokoso, n'kukaika pafupi ndi ekizosi. Anauza Asimenye kuti aponde mafuta. Injini inalira, bamboyo anayang'ana manambala, n'kumata kapepala kobiriwira pagalasi. Anasuzumira m'kati, anagwedeza mpando, anagwira chitsulo chokokera chija.

"Ndani wakonza galimotoyi?"

"Amuna anga," anatero Asimenye.

"Ikanakhala kuti onse obwera koyamba amabwera chonchi, ntchito yanga ikanapepuka."

Edmund anathokoza. Mumtima munabwera mawu amene bambo ake ankakonda kunena akaona galimoto yonyezimira yokhala ndi injini yakufa: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kulembetsa kunali m'kanyumba kamatabwa. Mayi wina wonenepa, dzina lake Cathy monga linalembedwera pachifuwa, ankalandira malaisensi, kupereka mafomu ndi kumanga timalamba tapepala padzanja. Tofiira tinali ta madalaivala, toyera ta okwera nawo.

"Malangizo ayamba pakatha mphindi khumi," anatero Cathy. "Wosamvera malangizo salowa. Sainani pansipo."

Asimenye analandira fomu yake. Edmund ankamudziwa mkazi wake pa nkhani ya mapepala. Ankawerenga kapepala ka m'bokosi la panado mbali zonse ziwiri. Kalata ya kubanki ankaiwerenga ndi magalasi, chala chikutsata mzere uliwonse. Koma pano sanatulutse n'komwe magalasi m'chikwama. Anafunafuna pamene panali kamtanda, anasaina, n'kutambasula dzanja kuti Cathy amumange kalamba koyera.

"Simuwerenga?" anafunsa Edmund.

"Ndiwerengerenji? Woyendetsa si inu?"

Edmund anayang'ana fomu yake. Mizere yambiri inali ya malamulo a mbendera ndi mbali yopitirira galimoto ina. Mzere wachisanu ndi chiwiri unali waufupi: wosainayo akutsimikiza kuti alibe vuto lililonse la thupi kapena la maso limene lingamulepheretse kuyendetsa bwino galimoto. Anauwerenga kawiri. Kunja injini ina inabangula n'kukhala chete. Kumbuyo kwake kunali anthu anayi pamzere, ndipo wina anatsokomola.

"Cholembera sichikulemba?" anafunsa Cathy.

"Chikulemba."

Anachiika pathebulo, pambali pa fomu.

"Mayi a Nicole, tiyeni panja pang'ono."

Anaima kuseri kwa kanyumbako, pamene mphepo inali yochepa. Edmund anafotokoza mwachidule, maso ali paudzu. Asanamalize, Asimenye anali atamugwira kale chibwano n'kumutembenuzira kowala.

"Mwetulirani. Onetsani mano. Kwezani manja onse awiri, tsekani maso, musatsitse." Mawu ake anali a kuntchito, osakwera, osatsika. "Finyani zala zanga. Mwamphamvu. Panopa mukuona bwino?"

"Ndikuona."

"Zinachitika liti?"

"Lamlungu."

"Lamlungu nthawi yanji? Tsiku lonse tinali limodzi."

"Muja m'garaja. Mmene munkaponda buleki."

Asimenye anasiya zala zake.

"Sipanala ija?"

"Eya."

"Ndinali pomwepo. Mukanangotambasula dzanja mukanandigwira." Anapuma. "Kamodzi kokha?"

"Ndi Lachinayi. Kuofesi."

Mkaziyo anayang'ana kumbali, kumene magalimoto anali kuima pamzere. Kenako anayang'ana makiyi amene anali m'dzanja lake.

"N'chifukwa chake munandipatsa awa m'mawa. Ndiye kuti mukudziwa chimene chili."

"Ndikudziwa."

Anayesa kuchotsa kalamba koyera kaja, koma mapepala amenewo amapangidwa kuti asamasuke. Anakakoka, kanakana. Anakaluma ndi mano mpaka kanaduka, n'kukaika m'thumba.

Ralph anabwera akuthamanga pang'ono kudzawauza kuti malangizo ayamba. Asimenye anamuuza m'mawu ochepa. Mkuluyo anavula kapu yake, anakanda mutu, n'kuyang'ana Edmund nthawi yaitali.

"Ndipatseni mahelemetiwo," anatero pomaliza. "Bwaloli lakhala pano kuyambira nthawi ya nkhondo, silisamuka. Pita, mnyamata iwe. Mundiimbire mukamva zotsatira."

Potuluka pageti, magalimoto oyamba anali atalowa kale m'bwalo, akutsatana pang'onopang'ono kumbuyo kwa galimoto yowaonetsa njira. Edmund anawayang'ana mpaka mpanda wa mitengo unawabisa.

Asimenye anayendetsa kulunjika kuchipatala. Sanathamange, koma sanalolenso kuti lole iliyonse imuchedwetse.

"Ndimangofuna tsiku limodzi," anatero Edmund. "Ndimati ndikangobwerako ndipita ndekha."

"Ndikudziwa chimene mumafuna. Mukuganiza kuti sindinakuoneni miyezi yonseyi m'garaja muja, mukuyimba muluzu ngati mnyamata? Ndinakondwera nanu." Anasintha giya. "Koma muwodi mwanga muli bambo wa zaka zanu, mphunzitsi. Ndimamumwetsa madzi ndi supuni. Mkazi wake akabwera amafuna amutchule dzina, pakamwa pamangotuluka mpweya. Imfa sindiiopa kwambiri, a bambo a Nicole. Ndimaopa zimenezo."

"Pepani."

"Ine ndine nesi, sindine mlosi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukanatseka chonchi mpaka liti?"

Patapita kanthawi mkaziyo anafunsanso, motsitsa mawu.

"Ndikanapanda kubwereka helemeti ija, mukanasaina?"

Edmund anaganiza zonama, koma anaona kuti sabata imeneyi wanama mokwanira.

"Ndikanasaina."

Asimenye anagwedeza mutu, maso ali pamsewu.

Kuchipatala sanadikire nthawi yaitali, chifukwa mawu akuti diso linazima kawiri amatsegula zitseko msanga. Anamuyeza Edmund magazi ndi mtima, anamuunika m'maso, anamupatsa mapiritsi oti ameze pomwepo. Anesi awiri anamuzindikira Asimenye n'kudabwa kumuona atavala zakunyumba, atakhala pampando wa achibale, chikwama chili pamiyendo.

Masana anamutengera Edmund m'kachipinda ka mdima pang'ono. Mayi woyeza anamugoneka chagada, anamupaka mafuta ozizira m'khosi, n'kuyendetsapo kachipangizo. Atatsegula sipika, Edmund anamva magazi ake kwa nthawi yoyamba. Mbali yakumanja ankayenda mofatsa, kuphwa ndi kudzala, kuphwa ndi kudzala. Mayiyo atasamukira kumanzere, phokoso linasintha. Linakwera n'kukhala lakuthwa, ngati madzi akamatuluka papaipi imene munthu waitsina kukamwa. Mayiyo anaimitsa chithunzi, analemba manambala, anayezanso. Asimenye, amene anaima kumiyendo kwa bedi akuyang'ana chithunzicho, anaika dzanja pakakolo pa mwamuna wake n'kulisiya pomwepo.

Dokotala anabwera patapita ola. Anali mtsikana wa msinkhu wongopitirira Nicole, woyankhula molunjika. Mtsempha wakumanzere unali wotsekeka kwambiri. Adzamuchita opaleshoni Lachiwiri kuti akaupale, ndipo kufikira tsikulo agona m'chipatala momwemo. Galimoto aiwale kaye mpaka atamuuza.

"Ubongo wanu sunawonongeke paliponse," anatero dokotalayo. "Anthu ambiri amene ndimawauza za mtsempha umenewu, ndimawauza atachedwa kale. Inu mwabwera mukuyenda nokha."

Atachoka, nesi wina anakankhira mpando wa matayala pafupi ndi bedi n'kunena kuti wodzamutengera kuwodi achedwa pang'ono.

"Sindikufunika zimenezo," anatero Edmund akutsika pabedi. "Miyendo ili bwino. Ndiyenda."

"Khalani pansi, a bambo a Nicole."

Anayang'ana nkhope ya mkazi wake, n'kukhala. Asimenye anamuikira chikwama chake pamiyendo, anawerama n'kumukwezera mapazi pazopondera, kenako anauza nesi uja kuti asavutike kuitana munthu, njira akuidziwa.

Khonde lopita kuwodi linali lalitali, la mawindo mbali imodzi, ndipo dzuwa la masana linagona pansi m'zigawozigawo. Tayala limodzi la mpandowo linkalira pang'ono. Anadutsa mayi wokolopa, anadutsa banja lina litanyamula maluwa. Pokhota, Asimenye anachepetsa liwiro, anasuzumira ngati kukubwera munthu, n'kupitiriza. Edmund anamva mpweya wake pamwamba pa mutu wake, wofunda, wosafulumira. Anafungatira chikwama chija ndi manja onse awiri, anatsamira kumbuyo, n'kulola kuti amuyendetse.